KATUNDU WACHIWIRI WA ODWALA MAPAPO

Mau amene analankhulidwa pa tsiku lokumbukira chiyambi cha Chigwirizano pa mpingo wathu. Wolankhula ndi mmodzi wa amai athu amene anatumikira ngati namwino.



Tiyamike Mulungu amene watisunga kufikira tsiku la lero. Amai amene anayamba Chigwirizano pa mpingo uno ambiri a iwo anagona, koma ntchito imene anatisiyira ikadalipo: kufalitsa Mau, kulangiza ana athu, kutonthoza olira ndi kuchezera odwala. Komiti inandipempha kuti ndilankhulepo pa ntchito yotsirizayi, ndipo ndasankha mtundu umodzi wa odwala amene tili nao m'miraga yathu yonse, koma maso athu anawazolowera kotero kuti sitiwawerenganso ngati odwala. Ndikunena abale ndi alongo amene ali ndi matenda a mgonagona a m'mapapo, amene amatsokomola ndi kubanika chaka ndi chaka.

Tawerenga pa Marko 5:25-34 za mai uja amene anadwala nthenda yotaya mwazi zaka 12. Ambiri tikamawerenga ndimeyi timathamangira kumapeto, pamene anakhudza chovala cha Yesu nachira. Koma Marko asanafike pamenepo akutiuza kanthu kena. Mai ameneyu anayenda kwa ochiritsa ambiri, anavutika m'manja mwao, ndipo chuma chake chonse chinathera m'maulendo amenewo. Tsono anali ndi akatundu awiri. Woyamba unali nthenda imene inali m'thupi mwake. Wachiwiri unali ntchito yofunafuna chithandizo. Katundu woyambayo ife a Chigwirizano sitingathe kumchotsa, timaupereka kwa Mulungu ndi kwa achipatala. Koma wachiwiriwo tingathe kuusenza pamodzi ndi wodwala, ndipo ndi za katundu ameneyu ndifuna tiganizire lero.

Odwalawa ndi ayani?

Oyamba ndi amene anadwala chifuwa chachikulu, chimene timati TB, namwa mankhwala mpaka kumaliza. Tizilombo tinafa, ndipo achipatala anawauza zoona kuti achira, koma mapapo anatsala ndi zipsera monga momwe khungu lopsa ndi moto limatsalira. Madokotala a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anayeza anthu oposa 400 amene anali atangomaliza mankhwala a TB, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 2020. Oposa theka anali akadali ndi chifuwa kapena kubanika, ndipo mmodzi mwa atatu alionse mapapo ake sanali kukoka ndi kutulutsa mpweya moyenera.

Achiwiri ndi a mphumu, ana ndi akulu omwe. Njira za mpweya m'chifuwa mwao zimatupa ndi kuchepa, makamaka nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi, kapena pamene akumana ndi fumbi ndi utsi.

Achitatu ndife amai, chifukwa cha khitchini. M'dziko lathu mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Mtsikana amayamba kukhala pa mafuwa asanathe msinkhu, ndipo akamafika pa ukalamba wapuma utsi zaka 40 kapena 50. Mwaye umene timauona pa denga la khitchini, wina unalowa m'chifuwa mwathu. Utsi umenewu, monganso wa fodya, umaononga njira za mpweya pang'onopang'ono, nubweretsa matenda amene madokotala amawatcha COPD.

Achinai ndi abambo athu amene anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Amai akuluakulu mukukumbukira kuti Wenela inkatenga amuna kufikira chaka cha 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha amuna athu oposa 70, ndi kuti maulendo anayambanso ndi TEBA mu 1977 mpaka 1988. Anabwera ndi njinga, mawailesi ndi mabulangete, koma ena anabweranso ndi fumbi la miyala m'mapapo. Fumbi limenelo silituluka. Limaumitsa mapapo, nthenda imene imatchedwa silicosis, ndipo limachititsa kuti TB imgwire munthu mosavuta.

Matenda onsewa satha monga malungo, amene munthu amamwa mankhwala masiku atatu nadzuka. Mankhwala amawachepetsa mphamvu, munthu nakhala nao moyo zaka zambiri, koma chithandizo chake sichifika pamapeto.

Katundu wachiwiri uja ngotani?

Tiyambe ndi ulendo. Munthu amene sangathe kufika kuchitsime osapumira panjira ndiye amene ayenera kufika kuchipatala mwezi ndi mwezi. Akafika kuchipatala chaching'ono, nthawi zina amauzidwa kuti apite kuchipatala chachikulu cha ku boma kukajambulidwa m'chifuwa, pakuti makina otero sapezeka paliponse. Kuyenda pansi sangathe, tsono afunika kabaza, njinga yamoto kapena minibasi. Sangapitenso yekha, chotero mtengo wa ulendo ngwa anthu awiri. Amanyamuka mbandakucha, nakhala pa mzere, nabwerera dzuwa litapendeka. Likakhala tsiku la mu Disembala, ndiye kuti anthu awiri ajomba kumunda pamene udzu uli kukula.

Kenaka mankhwala. Wodwala TB amamwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa: mitundu inai yophatikizidwa m'miyezi iwiri yoyamba, ndi mitundu iwiri m'miyezi inai yotsala. Mankhwalawa amafiiritsa mkodzo, ena amawachititsa nseru kapena kuphwanya m'mfundo, ndipo amadzutsa njala m'nyumba imene ufa uli wochepa. Pafupifupi theka la odwala TB m'dziko muno alinso ndi HIV, kotero amamwanso ma ARV. Akakhala munthu wachikulire, mwina alinso ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, ndipo nthenda iliyonse ili ndi tsiku lake ndi chitseko chake kuchipatala. Taganizani gogo wosadziwa kuwerenga, maso ake ofooka, ali ndi timapepala tinai ta mapiritsi oyera ofanana.

Wa mphumu amapatsidwa mankhwala opopera m'kamwa, otchedwa inhaler, ndipo kawirikawiri amakhala a mitundu iwiri. Wina, amene nthawi zambiri amakhala wa buluu, ngotsegula chifuwa pamene munthu wabanika. Winayo, amene nthawi zambiri amakhala wa bulauni, ngoteteza, ndipo afunika kupopera tsiku ndi tsiku ngakhale munthu ali bwino, natsukuluza m'kamwa akamaliza. Kupoperako kuli ndi luso lake, pakuti dzanja ndi mpweya ziyenera kuyendera pamodzi. Munthu akapanda kuonetsedwa bwino, mankhwala amathera pa lilime, ndipo iye amaganiza kuti sagwira ntchito. Tsiku lina akafika kuchipatala amapeza kuti atha, nauzidwa kuti akagule.

Apa ndipo pamabwera nkhani ya ndalama. Nzoona kuti mankhwala a TB ndi ma ARV amaperekedwa kwaulere, ndipo tiyamike chifukwa cha ichi. Koma kabaza si waulere, chakudya cha panjira si chaulere, ndi tsiku la ganyu limene lataika palibe amene amalibweza. Banja limayamba ndi kugulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka chimanga cha m'nkhokwe, mapeto ake katapila. Mwana amaleka sukulu chifukwa ndalama ya yunifomu yapita kuchipatala. Chifuwa chikapitirira, abale amati tiyeseko kwina, ndipo zotsala zimathera kwa asing'anga. Mai uja wa pa Marko 5 tili naye m'midzi mwathu.

Koma katundu wolemera koposa timawasenzetsa ndife, ndi pakamwa pathu. Munthu wotsokomola timampatulira mbale yake ndi chikho chake, chonsecho TB siyenda m'mbale kapena m'chikho iai, imayenda mu mpweya. Wodwala akamamwa mankhwala mokhulupirika, pakapita masabata ochepa mphamvu yopatsira ena imachepa kwambiri, ndipo amene anamaliza nachira sapatsira munthu ngakhale akutsokomolabe chifukwa cha zipsera. Mphumu, COPD ndi fumbi la m'migodi sizipatsirana konse. Komanso bambo akayamba kutsokomola ndi kuonda, ena amati ndi tsempho kapena mdulo, naloza chala mkazi wake kuti anathira mchere asanayenere. Mai wosalakwa amasenza mlandu pamwamba pa ntchito yodwazika, ndipo miyezi imapita wodwala asanayezetse makhololo. Mtengwa wobanika amatchedwa waulesi chifukwa nthenda yake ilibe bala looneka. Ena amanena kuti mankhwala opopera ndi a munthu amene watsala pang'ono kufa, kapena kuti ukawayamba sungathe kuwasiya. Zonsezi si zoona, koma chifukwa cha mau otere mlongo wathu amabisa inhaler m'chitenje, nabanika m'tchalitchi muno osayerekeza kuitulutsa.

Tisaiwalenso wodwazika. Kawirikawiri amakhala mkazi, mwana wamkazi kapena mdzukulu. Ndiye amadzuka usiku kukhazika wodwala kuti apume, ndiye amagona pansi kuchipatala, ndiye amakumbukira masiku. Anthu akabwera amafunsa za wodwala, koma za iye safunsa.

Madokotala nao anazindikira kuti chithandizo chikalemera anthu amachisiya panjira. M'zaka za m'ma 1980 wodwala TB ankagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri akubayidwa jekeseni tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala onse ankatenga miyezi 8 kapena kuposa. Lero ambiri amamwera kunyumba. TB yosamva mankhwala inkafuna miyezi 18 mpaka 24, ndi jekeseni amene ena anawagonthetsa makutu, koma m'chaka cha 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mankhwala akumwa okhaokha a miyezi 6 kwa odwala ambiri otere. Achipatala akupeputsa mbali yao. Nanga ife mbali yathu?

Amai anzanga, tinene zoona pa tsiku lathu lino. Chigwirizano chimadziwa bwino matenda a mwadzidzidzi ndi maliro. Munthu akagonekedwa m'chipatala timapita ndi shuga ndi sopo, tiimba, tipemphera. Sabata yoyamba khomo lake limadzaza. Koma nthenda ikafika mwezi wachitatu, chaka chachiwiri, njira ya kunyumba kwake imamera udzu. Tsiku la maliro timabweranso tonse mu yunifomu yathu, ndi nkhuni ndi ufa, nitichezera usiku wonse. Sindikunyoza ntchito imeneyi, ndi yabwino ndithu. Koma ufa umenewo mwini wake anaufuna akadali moyo, m'mawa uja pamene anamwa mapiritsi m'mimba mulibe kanthu.

Tichitenji tsono?

Choyamba, mlaga uliwonse udziwe odwala ake a mgonagona. Tiwafunse iwo eni ngati alola, ndipo akalola tilembe masiku ao a kuchipatala. Wodwala aliyense apatsidwe amai awiri omuyendera chaka chonse. Zimene amaiwa amva m'nyumbamo zitsale momwemo. Tisasandutse pemphero kukhala njira yofalitsira chinsinsi cha munthu.

Chachiwiri, tikhale ndi thumba la ulendo wa kuchipatala, losiyana ndi thumba la maliro. Mai aliyense aponyemo kangachepe mwezi ndi mwezi, kaya ndalama, kaya mbale ya chimanga yoti igulitsidwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Msungichuma azilemba zonse ndi kuziwerenga pamsonkhano kuti pasakhale manong'onong'o.

Chachitatu, tiziperekeza. Munthu wobanika ndi wamantha samva zonse zimene dokotala akunena, koma makutu anai amagwira zambiri. Woperekeza atenge buku la kuchipatala ndi mankhwala onse m'thumba limodzi, kuti dokotala aone zonse zimene wodwala akumwa. Afunse mwaulemu ngati masiku a matenda osiyanasiyana angaikidwe pa tsiku limodzi, ndi ngati wodwala angalandire mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi. Nthawi zina nzotheka, koma amene safunsa sapatsidwa. Apemphenso kuti namwino aonetse kapoperedwe ka mankhwala, wodwala ayese pamaso pake. Kwa ana ndi okalamba kuli kachipangizo kopoperamo mankhwala munthu napuma mwapang'onopang'ono. Madokotala a ku Cape Town anaonetsa m'chaka cha 1999 kuti botolo la pulasitiki la 500 ml, likakonzedwa bwino, limagwira ntchito yomweyo. Musapange nokha, pemphani achipatala akuonetseni.

Chachinai, timchotse wodwala mu utsi ndi m'fumbi. Ngati m'nyumba muli wina wotha kuphika, mai wobanika asakhale pa mafuwa, ndipo apongozi ndi amuna ao amve kuchokera kwa ife kuti umenewu si ulesi. Tiphikire panja kapena m'khitchini ya mazenera, ndi nkhuni zouma. Tisayatsire moto mapepala a pulasitiki, tisalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka, ndipo tiwaze madzi tisanasese. Chitetezo mbaula imasunga nkhuni nichepetsa utsi, koma tisaganize kuti yatha zonse. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, wa ana oposa 10,000, anapeza kuti kupatsa mabanja mbaula zamakono kokha sikunachepetse chibayo mwa ana. Utsi uli ndi makomo ambiri: zinyalala zimene timatentha pabwalo, moto woothera, ndi fodya. Bambo wosuta akasutire kutali ndi wodwala, ndipo koposa zonse aleke.

Chachisanu, munda. Makolo athu anali ndi dima. Ife tichite dima la thobwa, tsiku limodzi pa kubzala, limodzi pa kupalira, limodzi pa kukolola. Amai 20 angathe m'mawa umodzi ntchito imene banja lodwala silingaithe mwezi wathunthu. Mutu umodzi susenza denga.

Chachisanu ndi chimodzi, mabanja a amene anapita ku migodi. Makampani a migodi ya golide ku South Africa anagwirizana m'chaka cha 2018 kulipira chipepeso cha 5 biliyoni randi, ndipo khoti linavomereza mu 2019. Bungwe la Tshiamiso Trust ndilo limalipira amene anadwala silicosis kapena TB chifukwa cha ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019, ndipo amasiye a amene anamwalira angathenso kupempha. Si onse amene anapita ku Joni adzalandira, pakuti pafunika umboni wa ntchito ndi wa matenda. Tithandize okalamba kusunga bwino mapepala ao a ku mgodi ndi a kuchipatala, ndipo ana athu ophunzira awawerengere. Kupempha chipepesochi nkwaulere. Munthu akabwera m'mudzi kusonkhetsa ndalama kuti akutsegulireni njira, chenjerani naye.

Chachisanu ndi chiwiri, tipumitse wodwazika. Tikhale ndi wodwala masana amodzi kuti mnzathu apite kumsika, ku Chigwirizano, kapena angogona tulo. Akakhala mtsikana wa sukulu, tigawane ntchitoyo kuti abwerere m'kalasi.

Ndipemphenso Abusa ndi akulu a mpingo. Wobanika akhale pafupi ndi zenera, ndipo asakakamizidwe kuimirira pa nyimbo iliyonse. Mai amene wajomba misonkhano chifukwa sangathe kukwera chitunda tisamuyese wofooka m'chikhulupiriro, koma msonkhano umtsate kunyumba kwake, ndi Mgonero womwe. Ndipo pasapezeke pakati pathu wouza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Paulo anatcha Luka sing'anga wokondedwa, sanamuyese mdani wa Uthenga.

Kwa inu amene mukudwala, ndipo ndikudziwa kuti ena muli pompano, ndinene mau ochepa. Mankhwala akakulemerani musawasiye mwakachetechete. Kauzeni achipatala kuti akukuvutani motani, pakuti pali zimene angathe kusintha. Musangogona tsiku lonse poopa befu, chifukwa thupi losayenda limafooka ndipo kubanika kumakula. Yendani pang'ono tsiku ndi tsiku, mupume, muyendenso. Mukabanika, khalani pansi mutaweramira patsogolo, kokani mpweya ndi mphuno, ndi kuutulutsa pang'onopang'ono ndi milomo monga mukuuzira phala la mwana. Koma mukaona magazi m'makhololo, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, kuonda, kutupa miyendo, kapena kubanika kolepheretsa kumaliza mau, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Pitani msanga, pakuti TB ingathe kubweranso. Ndipo tikabwera kudzathandiza musachite manyazi kutilandira. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe: ife tonse tinakulira mu utsi womwewo.

Pomaliza tikumbukire amuna anai aja a pa Marko 2, amene ananyamula mnzao wofa ziwalo. Iwo sanali madokotala ndipo sanachiritse munthu. Ntchito yao inali kugwira ngodya za mphasa, kuyenda naye njira yonse, ndipo atapeza khomo lodzaza ndi anthu sanabwerere, anakwera naye padenga. Marko akuti Yesu anaona chikhulupiriro chao, cha onyamulawo. Pa Agalatiya 6:2 Paulo akutiuza kuti pothandizana kusenza zolemera ndi pamene timakwaniritsa lamulo la Kristu.

Chaka chamawa tikadzasonkhananso pa tsiku ngati lino, mlembi adzawerenga maliro amene tinatumikira, monga mwa nthawi zonse. Pempho langa ndi lakuti adzawerengenso maulendo a kuchipatala amene tinaperekeza, minda imene tinapalira, ndi chiwerengero cha odwala amene anamaliza mankhwala ao chifukwa sanali okha.

Mulungu amene anauzira mpweya wa moyo mwa munthu woyamba asunge onse opuma movutikira, ndipo adalitse Chigwirizano chathu m'zaka zikudzazi.  Amen.